NGONGOLE YA KU YUNIVESITE YASAMUKIRA PA FONI: MWANA WA PA SONGWE ASATSALIRE

Awa ndi mawu omwe tinayankhula pa msonkhano wa achinyamata pa Songwe Loweruka lapitali. Ambiri a inu a ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba ndi Blantyre munapempha kuti tiwalembe. Ndi awa. Werengani mpaka kumapeto, kenaka mutumizire anzanu.



Mafumu athu, makolo, aphunzitsi, tikupatsani ulemu wanu. Anyamata a kabaza omwe mwasiya makasitomala pa mlatho kuti mukhale nafe, tikukuonani. Achemwali omwe mwafunditsa mpunga ndi zitenje pa msika, tikukuonani. Inu omwe mwalemba MSCE ndipo mukudikira masankho, khalani kutsogolo kuno, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu.

Sitinabwere ndi nkhani zambirimbiri. Tabwera ndi imodzi basi. Kapemphedwe ka ngongole ya ku yunivesite kanasintha. Tsopano zonse zikuchitikira pa intaneti. Kusinthaku kuli ndi ubwino wake, koma tikapanda kuchenjera kusiya kunja mwana yemweyo amene ngongoleyi inapangidwira. Ndiye tiyeni timvetsetsane bwinobwino, kuti tikamakuwa tizidziwa chomwe tikukuwira.

Tiyambe ndi pomwe zinachokera. Boma la Malawi linayamba kukongoza ophunzira a ku yunivesite mu 1985. Kwa zaka zambiri ntchitoyi inkadutsa m'manja osiyanasiyana, ndipo kubweza kunali kwa yemwe wafuna. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe tonse timangoti Loans Board. Ofesi yake ili ku Lilongwe. Ntchito yake ndi ziwiri: kukongoza ophunzira osowa, ndi kutolera ndalama kwa omwe anakongola kale. Ngongoleyi imathandiza pa fizi, pa mabuku, ndi pa ndalama yodyera ndi kulipira pogona ija timaitcha upkeep. Wosankhidwira ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, Mzuni, LUANAR kapena MUST atha kupempha. Nayenso wa ku yunivesite yomwe si ya boma atha kupempha, bola sukulu yakeyo ikhale yovomerezeka ndi NCHE.

Mumve bwino apa: si mphatso ayi. Ndi ngongole. Ukamaliza sukulu amakupatsa nthawi yopumira, kenaka umayamba kubweza, ndipo ukalembedwa ntchito abwana ako ali ndi udindo wodula pa malipiro. Ndiye mwana wa mlimi wa mpunga akamapempha ngongoleyi sakupemphetsa. Akukongola ndalama ya dziko lake, yomwe adzabweze ndi thukuta lake.

Kale zinali za mapepala. Akuluakulu athu omwe anadutsamo akukumbukira: kudzaza fomu ndi bolopeni, kuyenda khomo ndi khomo kudinditsa zidindo, kenaka kupereka envelopu n'kumapemphera kuti ikafike ku Lilongwe. Kuchoka pano kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 600. Fomu ikasochera panjira sumadziwa. Umangoona dzina lako palibe, basi.

Tsopano kuli tsamba la pa intaneti lotchedwa SFMIS. Umatsegula akaunti, kulemba mbiri yako ndi ya makolo ako, kulipira ndalama ya fomu yomwe sabweza, kukweza zikalata zomwe akufuna, n'kutumiza. Tinene chilungamo, ife si anthu odana ndi chilichonse chatsopano. Njira imeneyi yachotsa mavuto ena. Envelopu yosochera kulibe. Umatsala ndi umboni woti unatumiza. Munthu wapakati woti "ndipatseni kenakake ndikuthamangitsireni fomu" mphamvu zake zachepa. Pamenepo tikuwomba m'manja.

Koma funso lathu ndi ili: intanetiyo ili kuti?

Tiyerekeze limodzi. Mtsikana wa kumudzi kuno, kaya ndi ku Iponga, kaya ndi cha ku Kaporo, wakhoza bwino pa sukulu yoyendera. Dzina lake latuluka. Mudzi wonse nthungululu. Bambo ake anamwalira, mayi ake amalima kamunda ka mpunga. Pakhomo pali foni imodzi, ya mabatani. Kuti apemphe ngongole, choyamba abwereke foni yaikulu kwa wina. Chachiwiri agule bandulo. Chachitatu apeze pomwe netiweki ikugwira, ndipo inu a pano mukudziwa kuti kuno foni imatha kukulandira ku Tanzania uli chikhalire pakhonde pa amayi ako. Chachinayi asikane zikalata, ndiye kuti akwere kabaza kudza pano pa boda, kapena minibasi ya ku Karonga Boma, makilomita oposa 40. Akafika apeza magetsi azima. Abwerera. Mawa ayambirenso. Pofika tsiku loti atumize fomu, thumba la mpunga lomwe amayi ake anasungira njala lapita.

Abale, taganizani. Munthu akugulitsa chakudya kuti akatsimikize kuti ndi wosowa chakudya. Zimenezi n'zoona?

Mnzake wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa achita zomwezo pa laputopu ya pakhomo, tiyi ali pambali, mphindi makumi atatu watha. Sitikudana naye mwana ameneyo, ndi mnzathu, mwina akuwerenga uthenga uno. Tikungoti mpikisano womwe wina wayambira pakati pa bwalo, wina kuseri kwa phiri, si mpikisano.

Pali kanthu kenanso komwe ambiri sakuona: chitupa cha unzika. Kuyambira pa kalembera wamkulu wa 2017, chitupa cha NRB ndiye kiyi wa chilichonse. SIM khadi, akaunti ya ku banki, ngongole ya sukulu, zonse chitupa. Munthu amayenera kukhala nacho akakwanitsa zaka 16. Koma ndi angati a Fomu 4 kumudzi kuno omwe ali nacho m'thumba? Ndipo mayina athu a kuno amavuta kwa olemba a kutali. Pa setifiketi analemba ndi "gh", pa chitupa analemba ndi "g". Pena dzina la bambo, pena la agogo. Kale munthu wa mu ofesi ankatha kuyang'ana n'kuona kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta ilibe chisoni. Chilembo chimodzi chikasiyana, kwa iyo ndi anthu awiri.

Ndiye n'chifukwa chiyani tikulimbikira chonchi? Chifukwa popanda ngongoleyi, kusankhidwa n'kwachabe. Tamvani manambala. Mu 2023 fizi ya m'mayunivesite ambiri a boma inakwera kufika pa K650,000 pa chaka, ndipo ku KUHeS inafika pa K1 miliyoni. Upkeep inali K200,000, inakwera kufika pa K350,000, ndipo mu 2024 inafika pa K560,000 pa chaka. Kumva nambalayo ngati yaikulu eti? Tiyerekeze kuti uli pa sukulu miyezi 8. Ndiye kuti K70,000 pa mwezi. M'menemo muchoke lendi ya kachipinda ku Chikanda kapena ku Luwinga, chakudya, sopo, kupirinta, bandulo. Osaiwala kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Inu osintha ndalama pa boda pano mukudziwa kuposa ife momwe kwacha inafookera pamaso pa shilingi. Ngati yemwe wapeza ngongole akudya kamodzi patsiku, nanga yemwe sanaipeze? Ameneyo amabwerera kumudzi ndi chikwama chake, n'kuyamba kupalasa kabaza ali ndi mapointi abwino m'thumba.

Ife a kumpoto kuno tikuidziwa bwino mbiri ya khomo lotsekedwa. Makolo athu anamenyana ndi quota system kwa zaka zambiri, mpaka boma linalengeza kuti yatha mu 2020. Tinasangalala kuti tsopano mwana azisankhidwa ndi nzeru zake. Koma tikagona, sefa ina ilowa m'malo mwake mwakachetechete. Sefa imeneyi sifunsa boma lomwe ukuchokera. Imafunsa ngati uli ndi foni yaikulu, bandulo ndi magetsi. Ndipo imagwira onse mofanana: wa ku Songwe, wa ku Nsanje, wa ku Makanjira, wa ku Mkanda ku Mchinji. N'chifukwa chake nkhaniyi si ya chigawo, si ya mtundu, si ya chipani. Ndi ya mwana wosauka kulikonse komwe ali.

Wina anena kuti, "Aaa, mukungotaya nthawi, boma silimva." Bodza. Mu 2016 University of Malawi itakweza fizi kuchoka pa K275,000 kufika pa K400,000, ophunzira anakana. Ku Zomba anatseka msewu mpaka mdipiti wa Jill Biden, yemwe anali kucheza m'dziko muno, unalephera kudutsa. Mapeto ake mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Peter Mutharika, anatsitsa fiziyo ndi K50,000. Koma tiphunzirepo mbali zonse ziwiri. Mawu a ophunzira anamveka, inde. Komanso sukulu inatsekedwa, anthu anataya nthawi ya maphunziro, ena anamangidwa. Ife tikufuna zotsatira popanda kutaya mwana ngakhale mmodzi. Ndiye tipite ndi mfundo zomveka, zolembedwa, zoti munthu sangazizembe.

Zomwe tikupempha ndi izi.

1. Tsamba lopemphera ngongole likhale laulere kulowapo. MACRA, Loans Board ndi makampani a foni akhale pansi agwirizane kuti munthu azitsegula SFMIS ngakhale alibe bandulo. Ngati makampani amatha kupereka mabonasi a usiku, tsamba limodzi la sukulu silingawagwetse.

2. Nthawi yopempha ikatsegulidwa, pakhale malo othandizira m'boma lililonse, osati pa Boma pokha. Masukulu a sekondale ndi ma TDC alipo kale m'madera mwathu. Kompyuta imodzi, sikana imodzi, sola, ndi munthu mmodzi wodziwa ntchito, kwa masabata ochepa chabe. Zimenezi sizifuna mabiliyoni.

3. Ndalama ya fomu isakhale mpanda. Kwa mwana wamasiye ndi yemwe a zachisamaliro cha anthu amutsimikiza kuti ndi wosowa, ichotsedwe, kapena iphatikizidwe ku ngongole yakeyo adzabweze pamodzi.

4. Chilengezo chifike kumudzi. Kuika pa Facebook ndi m'nyuzipepala sikokwanira. Chimveke pa Tuntufye FM, pa Radio Dinosaur ndi pa mawayilesi ena a m'madera, m'Kyangonde, m'Chitumbuka, m'Chichewa. Chiwerengedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ndipo nthawi yake ikhale yokwanira munthu wa kumudzi kusonkhanitsa zikalata.

5. A NRB azifika m'masukulu a sekondale kulemba ophunzira asanalembe MSCE, ndipo pakhale njira yachangu yokonzera dzina lolakwika.

6. Wokanidwa auzidwe chifukwa chake, ndipo akhale ndi mpata wochita apilo. Komanso chaka chilichonse atiuze poyera: m'boma lililonse anapempha angati, analandira angati. Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Manambala amenewo ndi athu. Tikawaona tidziwa ngati njira yatsopanoyi ikufikira Karonga ndi Chitipa mofanana ndi Lilongwe.

7. Ndalama izifika semesita ikamayamba. Mwini nyumba safuna kumva kuti dzina lako lili pa mndandanda. Akufuna lendi.

Zimenezo ndi za iwo. Tsopano za ife, chifukwa kuloza chala kokha sikudzaza fomu. Mutu umodzi susenza denga.

Tagwirizana kuti nthawi yopempha ikangotsegulidwa, tikhazikitsa tebulo pano pa Songwe masiku a msika. Omwe muli ndi mafoni aakulu, bwerani nawo. Omwe muli kale ku yunivesite ndipo munadutsamo mu SFMIS, mukabwera ku holide mutipatseko tsiku limodzi. Inu a m'tauni omwe mukuwerenga izi, simungabwere, tikudziwa. Koma mutha kutumiza bandulo. Mutha kuimbira foni mng'ono wanu wa kumudzi n'kumuyendetsa sitepe ndi sitepe. Aliyense wa ife atenge mwana mmodzi. Mmodzi yekha. Umufunse: chitupa uli nacho? Imelo uli nayo? Zikalata zakwana? Umusiye pokhapokha fomu yapita. Thandizo limeneli ndi laulere. Wina akakuuzani kuti watumidwa ndi ife ndipo akufuna ndalama, ameneyo ndi wakuba, tiuzeni.

Kwa inu omwe mupemphe chaka chino, tcherani khutu. Safunsa anadya phula.

Yambani lero kuyang'ana chitupa chanu. Dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi zomwe zili pa zikalata za sukulu. Ngati zasiyana, pitani mukakonzetse pano nthawi ilipo.

Tsegulani imelo yanuyanu, ndipo gwiritsani ntchito nambala ya foni yolembetsedwa m'dzina lanu. Musalembe nambala ya chibwenzi. Chibwenzi chimatha, ngongole imatsala. Musalembenso nambala ya SIM ya kutsidya, ngakhale ndi yomwe imagwira bwino kwanuko.

Pasiwedi ndi yanu nokha. Mukapita kokasikana kapena kogwiritsa ntchito kompyuta ya wina, mulembe nokha, ndipo mukamaliza mutuluke mu akauntiyo. Musasiye zithunzi za chitupa chanu mu foni ya munthu yemwe simukumudziwa.

Lipirani ndalama ya fomu kudzera njira zokhazo zomwe zalembedwa pa chilengezo cha bungwelo. Osatumiza ku nambala ya munthu. Palibe "bwana wa mkati" yemwe angakuikeni pa mndandanda. Risiti isungeni, muijambulenso.

Werengani chilengezo cha chaka chimenecho mzere ndi mzere, chifukwa zofunika zimatha kusintha. Zomwe anachita akulu anu zaka zitatu zapitazo mwina si zomwe akufuna lero. Inunso omwe muli kale pa sukulu musagone n'kumati poti chaka chatha ndinalandira ndiye zingopitirira zokha. Onani ngati mukuyenera kupemphanso.

Nenani zoona. Ngati makolo ali moyo musawaphe pa fomu. Bodza likagwidwa mutaya zonse, komanso mwalanda malo a mwana wamasiye weniweni. Ngati ndinu wamasiye, yambani msanga kufunafuna zikalata zotsimikiza, kwa amfumu, ku chipatala, ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Mafumu athu muli pano, chonde anawa akabwera muwathandize msanga, ndipo chidindo chisakhale pa malonda.

Musadikire tsiku lomaliza. Tsiku limenelo dziko lonse limathamangira pa khomo limodzi, ndipo ndi tsiku lomwe magetsi amasankha kuzima. Mukatumiza, jambulani sikirini yosonyeza kuti yapita. Madzi akatayika saoleka.

Atsikana, mawu awa ndi anu. Wina akati, "Bwera kunyumba madzulo ndidzakudzazire fomu," mukaneni. Bwerani pa tebulo masana, pagulu, pomwe pali achemwali anzanu. Maphunziro anu asagulidwe ndi thupi lanu.

Tisanamalize, tili ndi mawu kwa akuluakulu athu omwe anaphunzira ndi ngongoleyi. Bungwelo lakhala likudandaula poyera kuti ambiri omwe anakongola kuyambira 1985 sanabweze. Ena mwa iwo lero ndi mabwana, akuyendera galimoto zozizira mkati, ena amatiyankhula pa wayilesi za kukonda dziko. Achimwene, achemwali, thumba limeneli ndi lozungulira, ngati banki m'khonde. Amayi athu pano akudziwa chomwe chimachitika mmodzi akatenga osabweza: gulu lonse limagwa. Munawoloka mtsinje, bwato musalimangirire kutsidya. Bwezani. Ndipo ife omwe tikupempha lero tilonjeze pamaso pa makolo athu kuti tikadzapeza ntchito kapena geni, tidzabweza. Apo ayi, mawa tidzakhala ife omwe akutchulidwa pa msonkhano ngati uno.

Nanga chotsatira n'chiyani? Mfundo zisanu ndi ziwiri zija tizilemba m'kalata. Tisonkhanitsa masiginecha pano, m'masukulu ndi m'magulu athu a WhatsApp. Kalatayo ipita kwa bwanamkubwa wa boma la Karonga, kwa aphungu athu, ku unduna woona za maphunziro ndi ku Loans Board. Tipereka nthawi yoti atiyankhe. Akayankha, tidzakuuzani zomwe anena, mawu ndi mawu. Akakhala chete, tidzayenda. Gawo 25 la malamulo aakulu a dziko lino likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Gawo 38 likuti tili ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Tidzadziwitsa bwanamkubwa pasadakhale monga lamulo la polisi likunenera. Mwala ayi. Tayala ayi. Shopu ya munthu ayi. Galimoto za katundu zodutsa pa boda pano si adani athu. Yemwe akufuna kuba apite yekha, asabisale kumbuyo kwa ana a sukulu.

Ndipo a ndale omwe mukufuna kubwera ndi ma T-shirt, pepani, malo adzaza. Ngati mukufuna kuthandiza, kafunseni mafunso amenewa ku Nyumba ya Malamulo. Ndi ntchito yomwe tinakutumani.

Anzathu, pa Songwe pano ndi pomwe Malawi amayambira kwa munthu wochokera ku Kasumulu. Katundu wambiri wa dziko lino amalowera pa mlatho uwu. Sizingatheke kuti malo omwe amalandira katundu wa dziko akhale omalizira kulandira mwayi wa dziko. Pakati panu pano pakhala namwino, injiniya, mphunzitsi, loya. Chomwe chaima pakati pa iye ndi kalasi ndi fomu imodzi ya pa foni. Fomu imeneyo tidzaza limodzi.

Musanachoke, omwe mukudikira masankho lembetsani mayina kwa anzathu ali pa tebulo apo, kuti tidziwe muli angati ndipo mukusowa chiyani. Omwe muli ndi foni yaikulu ndipo mwadzipereka, lembetsaninso. Inu a m'tauni, yankhani kwa ma admin kuti mutenga mwana wa dera liti.



Tumizani uthengawu ku gulu la kwanu, la ku tchalitchi, la omwe munaphunzira nawo ku sekondale. Yemwe alibe WhatsApp, muwerengereni.